TCHENISO ZAKALE NDI THANZI LA WOTEMA NKHUNI

Kuyambira kale ntchito yotema nkhuni m'dziko muno idali ya nkhwangwa ndi chikwanje, ndipo ocheka matabwa ankagwira aŵiriaŵiri, wina pamwamba pa chipika wina m'dzenje, macheka aatali ali pakati pao. Masiku ano m'nkhalango za paini ndi bulugama, ngakhalenso m'minda ya kumudzi, mumamveka kulira kwa makina ocheka mitengo amene ambiri amaŵatcha tcheniso. Mtengo umene mwamuna wamphamvu akadalimbana nawo kuyambira m'maŵa mpaka dzuŵa litafika pamutu, makinaŵa amaugwetsa ndi kuuduladula madzi a nsima asanaŵire. Kalembera wa 2018 adaonetsa kuti mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'Malaŵi amaphikira nkhuni kapena makala, choncho nkosadabwitsa kuti munthu amene wapezako kangachepe amalakalaka kukhala ndi tcheniso yakeyake.

Koma tcheniso yatsopano ndi yokwera mtengo. Chifukwa cha ichi ambiri amagula yogwirapo kale ntchito, ndipo zina mwa zimenezi ndi zokalamba kuposa eni akewo. Ku Ulaya ndi ku Amereka makina akale otereŵa ali ndi anthu oŵakonda, amene amaŵafunafuna, kuŵakonza ndi kuŵasunga monga chuma. Nkhani ya anthu ameneŵa ndi yoyenera kuimva, pakuti iwo amadziŵa bwino zimene makina akale amatha kuchita, ndiponso zimene amasoŵa.

Chiyambi chake chidali m'chipatala

Oyamba kuganiza zoika mano a macheka pa unyolo adali madokotala. Cha m'ma 1780, madokotala aŵiri a ku Scotland, John Aitken ndi James Jeffray, aliyense payekha, adapanga kaunyolo kokhala ndi mano kochekera mafupa. Aitken adakafotokoza mu 1785 m'buku lake la uzamba. Pa masiku amenewo mwana akakanika kubadwa chifukwa cha kuchepa kwa njira, nthaŵi zina ankacheka polumikizira mafupa a m'chiuno kutsogolo kuti njirayo ikule. Jeffray iye ankafuna kachida kochotsera mafupa oola a m'bondo kapena m'chigongono popanda kudula mwendo kapena mkono wonse. Mu 1830 Bernhard Heine wa ku Würzburg, m'dziko la Germany, adaika unyolo wotere pa kachitsulo kosalala, nkumauzungulitsa ndi chopukusira cha pamanja. Umenewo ndiwo mpangidwe wa tcheniso ya lero, injini yokha ndiyo idalibe. Tsono wodwala ankachekedwa ali maso, pakuti mankhwala ogonetsa pa opaleshoni adayamba kugwiritsidwa ntchito poyera mu 1846.

Padapita zaka pafupifupi 100 unyolowo usanaloŵe kwenikweni m'nkhalango. Mu 1926 Andreas Stihl wa ku Stuttgart adapanga tcheniso yoyendera magetsi, ndipo mu 1927 Emil Lerp adapanga yoyendera petulo, naitcha Dolmar, dzina la phiri limene adakaiyesera. Makina oyambawo ankalemera makilogalamu oposa 40 ndipo ankafuna amuna aŵiri, wina kuinjini wina kunsonga. Mano akenso ankabuntha msanga. Amene adathetsa vuto la mano ndi Joseph Cox, wodula mitengo wa ku Oregon m'dziko la Amereka, amene adaonetsetsa mphutsi ya kachilombo koboola mitengo ikudya chitsa ndi nsagwada zake zopindika, kumanja kenaka kumanzere. Iye adatengera nsagwadazo posula mano a unyolo, ndipo mu 1947 adayamba kugulitsa unyolo wa mtundu umene ukugwirabe ntchito mpaka lero.

Kuchokera pamenepo makina adanka napepuka. Mu 1949 kampani ya McCulloch idatulutsa tcheniso ya makilogalamu 11 yoti munthu mmodzi nkunyamula. Mu 1959 Stihl adatulutsa yotchedwa Contra, ndipo chaka chomwecho kampani ya Husqvarna ya ku Sweden idayamba kupanga zake. Mu 1963 Homelite adatulutsa XL-12, imene injini yake inkalemera makilogalamu osakwana 6, ndipo alimi wamba ambiri a ku Amereka adagula.

Chimene amaŵakondera

Makina a zaka zimenezi ndiwo amene osonkhanitsa amaŵasaka lero. Amaŵapeza pa misika yogulitsa katundu wa pafamu, m'mashedi a agogo ao, ngakhale pa milu ya zitsulo zotaya. Wina amakonda McCulloch zachikasu zokhazokha, wina Homelite zobiriŵira ngati thambo, ndipo alipo amene nyumba yonse yosungiramo katundu adaidzaza ndi tcheniso zopachika pakhoma. Akaipeza amaiphwasula yonse, kutsuka, kusintha timapaipi ta petulo timene tidauma ndi kung'aluka, kuika pulagi yatsopano, nkuikoka chingwe. Ikalira pambuyo pogona zaka 40, chimwemwe chake chimakhala ngati cha mlimi amene ng'ombe yake yodwala yadzuka.

Chikondi chaocho chili ndi maziko. Tcheniso zakale zidapangidwa ndi zitsulo pafupifupi paliponse, zilibe zamagetsi zovuta, ndipo munthu wodziŵa kukonza njinga yamoto angathe kuzikonza ndi sipanala ndi sikuludiraiva. M'maiko ozizira, kumene banja limafuna mulu waukulu wa nkhuni zootha m'nyengo yachisanu, ambiri mwa osonkhanitsaŵa amadulirabe nkhuni zao makina omweŵa. Kulimba komweku ndiko kudachititsa kuti tcheniso yaikulu ya Stihl 070, imene idatuluka kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ikhale yodziŵika m'nkhalango zambiri za mu Africa, pamodzi ndi zina zongotengera mpangidwe wake zochokera ku China.

Komabe osonkhanitsa ochenjera amasiyanitsa. Makina akale kwambiri amaŵaliza pa zionetsero zokha, kudula chipika chimodzi chogoneka bwino pa thandala, anthu ataima patali. Ntchito ya tsiku lonse m'tchire amaisiyira makina okhala ndi zotetezera. Kuno kwathu zinthu zimatembenuka: tcheniso yakaleyo ndiyo imagwira ntchito kuyambira Lolemba mpaka Loŵeruka, kaŵirikaŵiri m'manja mwa mnyamata waganyu amene adaphunzira pongoonerera.

Kudumpha kwa tcheniso

Ngozi yaikulu ya makinaŵa ndi kudumpha. Unyolo umathamanga mamita pafupifupi 20 pa sekondi imodzi. Ngati chakumwamba kwa nsonga ya chitsulo chimene unyolo umazungulirapo chakhudza nthambi, mwala kapena chipika china, dzino limakodwa, ndipo mphamvu yonse ya injini imaponya chitsulocho m'mwamba cham'mbuyo, kulunjika kumaso, kukhosi kapena paphewa pa wochekayo. Zimachitika mofulumira kuposa kuphethira kwa diso, kotero kuti palibe munthu, ngakhale wozoloŵera chotani, amene angazembe. Chimodzimodzinso mtengo ukapana unyolo mwadzidzidzi, makina amakankhira mwini wake kumbuyo kapena kumkokera kutsogolo.

Pofuna kuchepetsa ngozi imeneyi, opanga adaika buleki ya unyolo, ndiye chotchinga chija chimakhala kutsogolo kwa chogwirira cha dzanja lamanzere. Tcheniso ikadumpha, chotchingacho chimakankhika ndipo unyolo umaima pomwepo. Husqvarna adatulutsa buleki yodzigwira yokha mu 1973, ndipo makampani ena adatsatira m'zaka zomwezo. Tanthauzo lake ndi lakuti pafupifupi tcheniso zonse zopangidwa chisanafike chaka chimenecho zilibe buleki, ndipo zambiri zotengera mpangidwe wakale zilibenso. Pali zina zimene zidali nayo koma idathyoka, mwini wake nkuichotsa poganiza kuti ndi chokongoletsera chabe. Wogula tcheniso yakale ayenera kuyamba wayang'ana chotchinga chimenechi, ndi kuchiyesa injini ikulira pang'onopang'ono, asanafunse nkomwe za mtengo wake.

Ngakhale ku Amereka, kumene zovala zodzitetezera zimapezeka mosavuta, bungwe loona za matenda la CDC lidaŵerengera kuti anthu pafupifupi 36,000 pa chaka amafika kuchipatala atavulala ndi tcheniso. Mabala ambiri amakhala pa mwendo wamanzere ndi dzanja lamanzere, chifukwa cha m'mene makinaŵa amagwiridwira. Bala lake silifanana ndi la mpeni. Mano a unyolo amakumba ndi kuchotsa mnofu, kusiya mpata wong'ambikang'ambika wodzaza utuchi, oyilo ndi dothi, wovuta kusoka ndiponso wochedwa kupola. Mtsempha wa dzanja ukaduka, chala chikhoza kuuma mpaka kalekale.

Matenda obwera mwakachetechete

Bala limaoneka ndipo aliyense amaliopa. Pali zovuta zina zimene zimabwera pang'onopang'ono, munthu nkuzindikira zitamera kale mizu.

Choyamba ndi kunjenjemera kwa makina. Pa tcheniso zakale zogwirira zidamangidwa mwachindunji ku injini, kotero kuti kugunda konse kwa injini kumaloŵa m'manja. Pakapita miyezi kapena zaka, timitsempha ta magazi ndi ta uthenga ta m'zala timawonongeka. Zala zimayamba kuchita dzanzi ndi kunyerenyetsa, makamaka usiku. Kenaka kukazizira nsonga zake zimatuŵa ndi kufa, ndipo magazi akamabwerera zimapweteka kwambiri. Potsiriza munthu amalephera kumanga mabatani a malaya kapena kutola ndalama yachitsulo pansi. Dokotala Giovanni Loriga wa ku Italy adafotokoza matendaŵa mu 1911 pakati pa anthu ogwira zida zogogoda miyala, ndipo Alice Hamilton adaŵapezanso mu 1918 pakati pa osema miyala a ku Indiana. Tcheniso zitafala, matendaŵa adagwira odula mitengo ambiri ku Finland, ku Japan ndi ku Britain. Pa gulu lina la odula mitengo a ku Finland, pafupifupi 4 mwa 10 alionse adali ndi vutoli mu 1972, koma pofika 1990 chiŵerengerocho chidatsika kwambiri, makina okhala ndi timipira kapena masipuling'i pakati pa injini ndi zogwirira atayamba kugwiritsidwa ntchito. Makina otere adayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1960. Kuzizira kumakulitsa matendaŵa, ndipo kusuta fodya kumaŵakulitsanso popeza kumafinya mitsempha ya magazi. Wocheka wa ku Chikangawa, ku Dedza kapena pa phiri la Zomba, amene amayamba ntchito mbandakucha m'mwezi wa Juni kapena Julayi ndudu ili pakamwa, wadzikundikira zonse pamodzi. Dzanzi likangoyamba ayenera kupita kuchipatala ndi kuchepetsa maola ogwira makina, pakuti likakhazikika silichoka.

Chachiŵiri ndi phokoso. Phokoso limayesedwa pa muyeso wa madesibelo. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amati munthu asakhale pa phokoso loposa madesibelo 85 kwa maola 8, ndipo pa madesibelo 100 mphindi 15 zokha ndi zokwanira pa tsiku. Tcheniso imafika cha pa 110, ndipo yakale imene chotsekereza phokoso chake chidaboka kapena kuchotsedwa imapitirira apo. Kulira kwa m'makutu kumene wocheka amamva madzulo ataŵeruka ndi chizindikiro chakuti tiziŵalo tosaoneka ta m'kati mwa khutu tavulala. Timeneti tikafa sitimeranso. Ugonthi wake umayamba ndi kusamva bwino mau a ana ndi a amai pagulu, ndipo mwini wake amadandaula kuti anthu masiku ano amalankhula chapansipansi. Thonje kapena kansalu koika m'khutu sikateteza mokwanira. Zofunika ndi zotsekera makutu zenizeni zimene zimagulitsidwa m'masitolo a zipangizo, ndipo mtengo wake ndi wochepa pouyerekeza ndi wa petulo wa tsiku limodzi.

Chachitatu ndi utsi wa injini. Injini za tcheniso zimamwa petulo wosakaniza ndi oyilo. Zamakono zambiri zimafuna gawo limodzi la oyilo pa magawo 50 a petulo, koma zakale zinkafuna limodzi pa 25, zina limodzi pa 16, ndipo utsi wake ndi wochuluka. Mu utsiwo muli mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, wopanda fungo, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Wocheka m'dzenje, m'chigwa chopanda mphepo kapena m'shedi akamva mutu kupweteka, chizungulire kapena nseru, azimitse makina ndi kupita pa mpweya wabwino. Chizungulire pamene unyolo ukuthamanga ndi ngozi yoŵirikiza.

Palinso nkhani ya petulo weniweniyo. Kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa idayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, petulo wa m'Malaŵi amasakanizidwa ndi ethanol. Timapaipi ndi timipira ta makina akale sitidapangidwire petulo wotere, motero timauma kapena kufeŵa, nkuyamba kudontha. Petulo wodontha pafupi ndi injini yotentha, pa udzu wouma wa mwezi wa Okutobala, ndi moto wolusa umene ukungodikira. Pothira petulo injini ikhale yozima ndi yozizira, ndipo poiliza munthu asunthe mamita atatu kuchoka pamene wathirirapo.

Kugwira ntchito mosamala

Akulu adati safunsa adadya phula. Wofuna kuyamba ntchitoyi aphunzire kwa munthu wodziŵa, ndipo alangizi a zankhalango angathe kumuuza mitengo yololedwa kudula ndi chilolezo chofunika, pakuti lamulo la zankhalango la 1997 lidakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango zake zidakula.

Tcheniso imagwiridwa ndi manja onse aŵiri, lamanja kumbuyo, lamanzere kutsogolo, chala chachikulu chitazinga chogwirira. Ngakhale wamanzere ayenera kuigwira chomwecho, chifukwa ndi m'mene idapangidwira. Poiliza iikidwe pansi, phazi litaponda chogwirira cham'mbuyo. Mchitidwe woiponya m'munsi ndi dzanja limodzi uku lina likukoka chingwe wadula miyendo yambiri. Wocheka aime chapambali pang'ono kuti makina akadumpha apite pambali pa mutu wake, asacheke ndi nsonga, asacheke chinthu chopitirira msinkhu wa mapewa ake, ndipo asakwere nayo mumtengo kapena pa makwerero. Unyolo wobuntha ndi woopsa kuposa wakuthwa, chifukwa umakakamiza munthu kukanikiza ndipo umatopetsa. Wakuthwa umatulutsa tizibanthu, wobuntha umatulutsa fumbi longa ufa, ndipo ukatero nthaŵi ya tupa yakwana. Tcheniso zambiri zakale sizithira zokha oyilo pa unyolo, zili ndi kabatani kodina ndi chala, ndipo woiŵala kudina amatenthetsa unyolo mpaka kuduka.

M'maiko ena ocheka amavala mathalauzi okhala ndi ulusi wautali wolimba m'kati, umene unyolo ukaugwira umakulungika m'makina nkuŵaimitsa. Kumene ameneŵa sapezeka, majombo olimba, magolovesi, magalasi otchinga maso ndi chisoti cholimba zikhalepo ndithu. Patapata ndi malaya olendeŵera si zovala za ntchito imeneyi. Moŵa ndi tcheniso siziyendera limodzi, ngakhale chipanda chimodzi. Pogwetsa mtengo, anthu ena onse atalikire mtunda wokwana kutalika kwa mitengo iŵiri, makamaka ana, amene amakopeka ndi phokoso, ndi amai amene amathamangira kutola nthambi mtengo usanagwe bwino. Wochekayo samva kuitana kwa munthu injini ikulira. Komabe asapite yekha kutchire: pakhale mnzake woima patali amene angathandize zitavuta.

Ngozi ikachitika

Chimene chimapha wovulala ndi tcheniso asanafike kuchipatala ndi kutaya magazi. Makina azimitsidwe, wovulalayo agonekedwe pansi, ndipo wothandiza atenge nsalu yoyera kwambiri imene ilipo, aipinde, akanikize pabalapo mwamphamvu ndi manja onse osaleka. Nsaluyo ikanyowa asaichotse, aike ina pamwamba pake. Ngati magazi a pa mkono kapena mwendo akutumphuka ndipo sakuleka ngakhale akanikize, amange nsalu yotambalala, monga chitenje chopinda, masentimita 5 kapena 7 kumtunda kwa bala koma osati pa bondo kapena pa chigongono, aloŵetse kamtengo pa mfundo ndi kupotokola mpaka magazi ataleka. Waya, chingwe chopyapyala kapena luzi zimadula mnofu, siziyenera. Nthaŵi imene amangira ikumbukiridwe kuti akauze a chipatala, ndipo asamasule panjira. Wovulalayo afunditsidwe, asapatsidwe chakudya kapena moŵa, popeza mwina akafunika opaleshoni.

Chala chikaduka chikulungidwe m'kansalu koyera konyowa pang'ono, chiikidwe m'pepala lapulasitiki lomanga bwino, ndipo pepalalo liikidwe m'madzi ozizira, chipite limodzi ndi mwini wake. Pabala pasathiridwe dothi, ndowe, phulusa, petulo, oyilo wa injini kapena masamba otafuna. Zinthu zimenezi zimaloŵetsa tizilombo ndipo zimavutitsa namwino potsuka.

Bala likhale laling'ono chotani, la tcheniso liyenera kuonedwa kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha kafumbata. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe za ziŵeto, ndipo timakonda bala lakuya lakuda. Matendaŵa amaoneka pakapita masiku 3 mpaka 21, kuyamba ndi kuuma kwa nsagwada ndi khosi, kenaka thupi lonse limakungika, ndipo ambiri amene afika pamenepa amamwalira. Ana amalandira katemera wake kusikelo ndipo amai amalandira akakhala oyembekezera, koma abambo ambiri sadabayitsenso chichokere ku ukhanda. Mwamuna amene akuganiza zoyamba ntchito ya tcheniso afunse za katemerayu pachipatala chapafupi asanagwire makina.

Nkhuni zikafika pakhomo

Osonkhanitsa makina a kumaiko ozizira ali ndi mwambo wina woyenera kutengera. Nkhuni zao amadula miyezi yambiri zisanafunike, kuziŵaza, ndi kuziunjika pa mitanda kuti zisakhudze pansi, pamwamba atafolera koma m'mbali mukupita mphepo. Mtengo wauŵisi pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Tcheniso imagwetsa mtengo wauŵisi mosavuta kotero kuti nkhuni zimafika kukhitchini zikadali ndi madzi ake, pamene mai wotola nkhuni ndi manja ankasankha zouma kale. Nkhuni zaziŵisi zimafuka koposa kuyaka, ndipo utsiwo amaupuma ndi mai wophika pamodzi ndi mwana ali kumsana. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidaŵerengera kuti utsi wa m'nyumba udapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni mu 2020, kudzera m'chibayo, matenda a mtima ndi a m'mapapo. Bulugama wodulidwa mvula itangotha, woŵazidwa ndi kuunjikidwa pansi pa tsindwi, amakhala atauma bwino pofika Seputembala kapena Okutobala. Nkhuni youma imapepuka, imang'aluka kumapeto, ndipo ziŵiri zikagundanitsidwa zimalira kuti ngwee, pamene zaziŵisi zimangoti phi.